A Seneta a M'chipinda Nambala 14

M'nyumba za kampani ku Dubai Investments Park muli bambo ena a imvi, alonda a pageti, amene anzawo amangowatcha a Seneta. Salankhula asanakonze kolala, ndipo mkangano uliwonse amaudula ndi mawu akuti, "Modekha, habibi, m'bale wanga, tiyambe taona malamulo."

Lamulo lawo lapamtima analimva kwa mnzawo wa ku Pakistan, loti kwawoko chigawo chachikulu ndi chaching'ono chomwe chimatumiza aphungu ofanana ku seneti. Linawagwira mtima, poti m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu, wa Kumpoto ndi iwo okha.

Tsiku lokambirana zozimitsa eyakoni, makina oziziritsa m'chipinda, imene kuzizira kwake kumawalowa m'mawondo, anagamula kuti, "Chigawo chilichonse voti imodzi: Kumpoto, Pakati, Kummwera. Khalas, basi!" Apo n'kuti a Seneta atanyengerera kale a Pakati ndi tiyi.

Kalaba wa ku Zambia, wa m'chipinda momwemo, anakweza dzanja. "A Seneta, ine kwathu ndi ku Lusaka, Potiphar uyu ku Chipata. Zigawo ziwiri zimenezo."

A Seneta anagonja, mavoti atatu kwa awiri, a ku Zambia atagwirizana ndi a Kummwera. Lero amakhala m'chipindamo atavala jekete, kunja dzuwa likuswa mtengo. Ukawafunsa amati, "Lamulo lilibe vuto, achimwene. Anandipereka ndi mapu."