Miyezi Imene Ndinali Maso a Abambo

Fungo la palafini wa hita likandilowa m'mphuno, ngakhale lero, ndimapezeka ndili m'kachipinda kathu ka lendi ku Nellmapius, ndili ndi zaka khumi. Kuzizira kwa ku Pretoria n'kouma. M'mawa udzu wa kuseri kwa nyumba unkachita mbuu, milomo inkang'ambika, ndipo madzi a pampopi ankaluma zala. Chakumadzulo utsi wa malasha unkatsikira pa madenga a malata n'kukhazikika pomwepo, moti ngakhale yunifomu yanga yochapa inkanunkha moto.

Abambo ankawotcherera zitsulo pa kampani ina ku Silverton. Mowa sankamwa, mpira analibe nawo ntchito. Chawo chinali mafilimu a akawuboyi. Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, tikabwerako kutchalitchi, ankatchinga zenera ndi bulangete, kupukuta makina a vidiyo ndi kansalu, n'kusolola katoni ya makaseti kunsi kwa bedi. Ena anali akalekale, a zithunzi zakuda ndi zoyera. Ena anali atsopano, momwe ngakhale ngwazi yake inkaoneka yotopa ndi moyo. Amayi ankati onsewo ndi amodzi, fumbi ndi amuna osasamba basi. Ine sindinkakhalapo. Ndinkathawira panja kukadumpha chingwe ndi anzanga, amene ndinkacheza nawo m'Chisepedi. Chichewa ndinkachilankhula monyinyirika, pongoyankha makolo.

Kumapeto kwa Meyi, mankhwala otsukira zitsulo anawagwera Abambo kumaso ali pantchito. Anatuluka m'chipatala maso onse awiri ali omangidwa mabandeji, ndipo dokotala sanalonjeze kuti adzaonanso. Amayi, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina m'tauni, ankalawira mbandakucha kukakwera takisi atawasiyira tiyi mufulasiki. Ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pampando womwewo pafupi ndi khomo, manja ali pamaondo, akumvetsera mawayilesi a anthu ena. Munthu amene ankaimba mluzu pometa ndevu anasiya ngakhale kufunsa nthawi.

Lamlungu loyamba la Juni, titangomaliza kudya, ndinamva akundiitana.

“Tadala, tchinga zenera.”

Ndinayang'ana Amayi, poganiza kuti Abambo aiwala mmene alili. Amayi anangondilozera bulangete ndi mlomo.

“Ukhala pano, uzindiuza zimene ukuona,” anatero Abambo. “Koma m'Chichewa. Chizungu chilimo kale m'kanemamo.”

Ndinakhala pansi, msana wanga utatsamira miyendo yawo, mtima uli panja pomwe anzanga ankaimba nyimbo ya chingwe. Mawu ankandithawa. Ndinati munthu wakwera pere, monga tinkanenera m'Chisepedi, ndipo Abambo anaseka koyamba chichokereni m'chipatala. “Kavalo, mwana iwe, kavalo!” Ndinaphunzira tsiku limenelo mawu akuti chigwa, chishalo ndi chipululu. Ndikangoti anthu akumenyana, ankandigwira phewa n'kufunsa kuti ndani waima kumene kuli dzuwa, ndani akunjenjemera dzanja. Ndinayamba kuyang'anitsitsa, ndipo filimu isanathe ndinali nditaiwala za chingwe.

Mu Julayi kunazizira kwambiri moti tinaika hita pakati pa chipinda, Amayi n'kutenthetsapo buledi wa ku spaza, kagolosale ka mumsewu wathu. Abambo anapapasa m'katoni n'kundipatsa kaseti ya chikuto chong'ambika. Inali nkhani ya mkulu wina wa imvi amene ankakana kuchoka pamunda wake, ngakhale anthu a mfuti ankamuopseza. Ndinamukonda mkuluyo. Ankayenda mowerama pang'ono ngati Abambo, ndipo polankhula ndi kavalo wake ankatsitsa mawu.

Chakumapeto anamuwombera pakhomo pa khola. Anagwa chafufumimba m'fumbi, osagwedezekanso. Ndinatembenuka n'kuona mabandeji aja, atayamba kuda m'mphepete, ndi chibwano cha Abambo chimene Amayi anachimeta mokhotakhota. 

“Bwanji wangoti zii? Chachitika n'chiyani?”

“Wadzuka, Abambo,” ndinatero. “Chipolopolo changomupala paphewa. Wakwera kavalo, akupita kwawo.”

M'kanemamo mayi wina ankalira mokweza, ndipo nyimbo yake inali ya maliro yeniyeni. Amayi anasiya kutembenuza buledi. Abambo anagogoda chala pabondo.

“Chipewa watola?” anafunsa.

“Watola.”

“Basi, ayende bwino.”

Ndinazimitsa makinawo msangamsanga zithunzi za manda zisanathe, ndipo ndinatuluka panja ndikudziona wochenjera kuposa ana onse a mumsewu wathu.

Mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa mapepala ndi fumbi lofiira, anawamasula mabandeji. Diso lamanzere linaona, lamanja linatsala lotuwa mpaka imfa yawo. Ku zowotcherera sanabwererenso, kampani inawaika mosungira zipangizo, kumene ankapereka masipanala kwa anzawo. Mwezi umenewo filimu anaonera okha, atapendeketsa mutu. Palibe anandiitana, koma ndinakhala pamalo panga paja. Patapita mphindi zochepa anandigwira phewa n'kunena kuti, “Nanga bwanji, wailesi yanga yafa?” Ndinayambanso kufotokoza, iwo akundikonza apo ndi apo.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinawanamiza Abambo bwinobwino. Zoona zake ndinazimva kwa Amayi, tikulongedza katundu wa malemu, ine ndili kale ndi mwana wanga. Kaseti ija, anatero, Abambo anaionera kambirimbiri ine ndisanabadwe, ndipo ankaidziwa mpaka pamene galu amauwa. Masabata a mabandeji aja, Abambo ankawaumiriza Amayi kuti awakweze basi abwerere ku Mulanje, akakhale kwa achimwene awo, asatilemetse ife kuno ku Joni. Amayi ankakana, iwo osamva. Koma kuchokera Lamlungu la kaseti ija nkhaniyo sanaitchulenso, ndipo m'mawa mwake anapempha kuti awapatse lumo ayese kumeta okha.

Ine ndinkaganiza kuti ndawabisira imfa ya munthu wa m'filimu. Iwo anamva mwana wawo akuwapempha, m'Chichewa chake chopunduka, kuti adzuke.