Wilo ya Achimwene

Achimwene anga anandiitanitsa zaka ziwiri asanamwalire. Ine nthawi imeneyo n'kuti nditapuma uphunzitsi, ndikukhala kumudzi kwa amayi athu chakufupi ndi Kabudula. Iwo ankakhala pa Nsaru, pamalo amene anagula okha ndi ndalama za fodya. Ndinawapeza pakhonde akusoka thumba la mtedza. Akazi awo, alamu anga, anali atapita ku msonkhano wa amayi kutchalitchi.

Titalonjerana analowa m'nyumba n'kutuluka ndi envulopu yakhaki.

“Mlongo wanga, iyi ndi wilo,” anatero. “Ndasainira pamaso pa akulu a mpingo awiri. Ndalembamo kuti woyendetsa zonse ndikadzapita ndinu.”

Ndinaseka. Ndinawafunsa ngati akudwala. Anati ayi, koma aona zimene zimachitikira akazi amasiye m'midzi muno, ndipo safuna kuti mkazi amene akhala naye zaka makumi anayi adzachoke ndi mphika ndi mphasa basi. Ndinawafunsa chifukwa chimene asankhira ine. Anati, “Mumadziwa kuwerenga, ndipo simunama.” Envulopu ija ndinakaiika pansi pa sutikesi. Sindinaitsegule, ndipo sindinawafunse zimene zinali m'katimo.

Achimwene anali ndi ana awiri, onse aakazi. Ine ndili ndi mwana mmodzi, wamwamuna. Bambo ake atamwalira, achimwene anamutenga ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anakulira pa Nsaru pomwepo. Ndiye ankafesa nazale, kumanga zigafa, kusankha fodya ndi kuperekeza mabelo ku okushoni. Anagwira ntchito pamunda wa amalume ake zaka khumi ndi zisanu, mpaka anakwatira ali pomwepo. Kwathu kuno aliyense ankadziwa kuti wolowa m'malo mwa munthu ndi mwana wa mlongo wake. Mwana wanga ankadziwa choncho, ndipo kunena zoona, inenso ndinkaganiza choncho.

Achimwene anagwa kumunda m'mwezi wa Febuluwale, ndipo patatha masiku anayi anamwalira. Usiku woti mawa lake abale akumana kuti akambirane za chuma, ndinatsegula envulopu ija. Nyumba ndi munda wogula anasiyira akazi awo, ndipo iwo akadzamwalira zidzakhale za ana aakazi aja. Mwana wanga anamusiyira ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka. Minda ya kumudzi kwathu sanaitchule, chifukwa sinali yawo. Ndinawerenga kawiri, kufunafuna ngati pali tsamba lina.

M'mawa tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Wotsogolera zokambirana anali msuweni wathu wamkulu. Anayamba ndi mawu abwino, kuthokoza alamu chifukwa chosamalira malemu. Kenako anati ukatha mwezi tiwasudzule alamuwo, abwerere kwawo ku Namitete ndi ziwiya zawo, ndipo pamalopo patsale mwana wanga. Anthu anavomereza ndi mitu. Alamu anali atafunda chitenje kumutu.

Ndinaimirira.

“Pepani akuluakulu, malemu anasiya mawu. Ali papepala.”

Ndinawerenga zonse mokweza monga ndinkawerengera ana m'kalasi. Nditamaliza ndinapinda pepala lija. Woyamba kuyankhula anali mwana wanga.

“Amayi, pepala limeneli mwakhala nalo kuyambira liti?”

“Zaka ziwiri.”

“Zaka ziwiri mukundiona ndikukhetsa thukuta pano, osandiuza?”

Ndinamuuza kuti ndinali ndisanalitsegule. Sanandikhulupirire, ndipo palibe anandikhulupirira. Mng'ono wanga, amene nyumba yake yayandikana ndi yanga kumudzi, ananena pamaso pa onse kuti alamu andidyetsa kanthu. Msonkhano unatha wopanda pemphero.

Ndinayamba kuyenda maulendo a m'tauni kukapempha kalata ya khoti yondipatsa mphamvu yogawa chuma monga wilo inanenera. Ndinkakwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi. Ulendo wachitatu anandiuza kuti wina waletsa, wati wiloyo ndi yokayikitsa. Atandionetsa pepala ndinaona dzina la mwana wanga. Abale anali atasonkha n'kumupezera loya. Ankati amalume ake polemba anali atasokonezeka mutu ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndiponso kuti ine ndi alamu ndife tinawauza zolemba.

Mlandu unatenga chaka ndi miyezi. Zimene ndimakumbukira kwambiri pa nthawi imeneyo si za kukhoti, koma za kumudzi. Mng'ono wanga anasiya kubwera kudzapempha mchere. Kuchitsime ndikafika, nkhani inkatha. Kutchalitchi benchi limene ndinakhalapo zaka zambiri linayamba kukhala ndi mpata mbali zonse ziwiri. Palibe anandinyoza poyera. Moni ankandipatsa, koma wa patali, wosaima. Chaka chimenecho chimanga changa chinakhala pamikukwe mpaka chiswe chinayamba kulowa, chifukwa amene tinkathandizana kukolola aliyense anali ndi chifukwa chake. Ndinatuta ndekha ndi dengu, masiku asanu ndi anayi.

Kwa alamu sindinkapitako kawirikawiri, poopa kuti anthu anena kuti tikupangana. Iwonso sankabwera. Motero anthu awiri amene tinali mbali imodzi tinkangoonana kukhoti.

Tsiku lina lopita kumlandu ndinakwera minibasi pa Nsaru n'kupeza mwana wanga ali kale m'katimo, pampando wakumbuyo. Anandiona, n'kuyang'ana pawindo. Ndinakhala kutsogolo kwake. Msewu wonse ndinkamva akutsokomola, chifuwa chouma chimene amadwala chaka chilichonse nthawi yosankha fodya. M'chikwama ndinali ndi mandimu awiri. Ndinawagwira kangapo koma sindinatembenuke. Titafika, iye anatsika n'kulowera njira ina, ngakhale tonse tinkapita kumalo amodzi.

Mwa mboni ziwiri zija, mmodzi anali atamwalira. Winayo, mkulu wa mpingo wokalamba woyenda ndi ndodo, anabwera. Anauza khoti kuti tsiku losainalo achimwene anayenda okha pa njinga, ndipo atamaliza anakangana naye za mtengo wa feteleza monga mwa masiku onse. Anthu anaseka pang'ono. Kenako anaitana ine.

Loya wa mwana wanga anali mnyamata waulemu. Anandifunsa ngati wodandaulayo ndikumudziwa. Ndinati ndi mwana wanga wobereka ndekha.

“Kodi anagwira ntchito pamunda wa malemu?”

“Anagwira. Zaka khumi ndi zisanu.”

“Ndiye mayi, inuyo mumtima mwanu mukuona kuti ngolo ndi ng'ombe ziwiri zikukwanira pa zaka zimenezo?”

Ndinayang'ana kumene kunali mwana wanga. Kanali koyamba m'miyezi yambiri kuti andiyang'ane m'maso.

“Sizikukwanira,” ndinatero. “Ndikanakhala ine wolemba, ndikanamupatsa gawo la munda.”

“Ndiye mukuvomereza kuti malemu sankaganiza bwino?”

“Ayi bwana. Ankaganiza bwino. Kungoti ankaganiza zosiyana ndi ine. Munda unali wawo.”

Woweruza analemba kwa nthawi yaitali. Pa nthawi yopuma ndinakhala ndekha pabenchi panja ndi kudya mbatata yanga. Abale anga anali pansi pa mtengo chapatali, akugawana zakumwa. Alamu anali ndi ana awo mbali ina.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi itatu. Khoti linati wilo ndi yoona, ndipo linandipatsa kalata ija. Ndinayenda m'maofesi mpaka mapepala a malo anasinthidwa. Zitatha izi panatsala ngolo ndi ng'ombe. Ndinatumiza uthenga kwa mwana wanga kuti akatenge. Anayankha kudzera mwa mkazi wake kuti ndizipereke kwa amene ndawapatsa zinazo. Ng'ombezo zinakhala m'khola la munthu wina wa pa Nsaru mvula yonse. Pomaliza mpongozi wanga anapita yekha ndi mchimwene wake n'kukazitenga. Anasaina ndi iyeyo. Pomwepo ntchito imene achimwene anandisiyira inatha.

Alamu anakhala m'nyumba muja chaka chimodzi chokha. Tsiku lina masana ndinangoona atulukira pakhomo panga, atanyamula kathumba ka nyemba. Anati akupita kukakhala ndi mwana wawo wamkulu ku Lilongwe. Nyumba aikamo munthu wogulitsa mbewu, munda abwereketsa.

“Alamu, musandione ngati wosayamika,” anatero. “Koma pamene paja sindingathe. Munthu wondipatsa moni palibe. Ndikadwala adzanditengera kuchipatala ndani?”

Sindinawatsutse. Zimene ankanenazo ndinkazidziwa bwino. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo tinaima limodzi kudikira minibasi. Amandiimbira foni pa Khirisimasi.

Mwana wanga anasamukira ku Kasiya, kumene anapeza malo obwereka. Ndimamva kuti ngolo ija ikumuthandiza, amanyamulira anthu njerwa ndi chimanga. Mpongozi amabwera kamodzikamodzi ndi adzukulu, koma sagona. Mng'ono wanga tinayambanso kuyankhulana pamene anadwala mwendo n'kusowa womutungira madzi, ngakhale nkhani ya pa Nsaru sitiikhudza.

Chaka chatha kunali maliro a msuweni wathu uja, ndipo mwana wanga anabwera. Pochoka kumanda amuna ankadutsa pamene tinakhala amayi, kupereka moni mmodzimmodzi. Atafika pa ine anagwada pang'ono, n'kundigwira dzanja.

“Muli bwanji amayi?”

“Ndili bwino, kaya iwe mwana wanga? Chifuwa chija chinatha?”

“Chimabwerabe,” anatero.

Anaima kanthawi ngati pali china chimene akufuna kunena. Koma kumbuyo kwake kunali mzere wa anthu, ndipo anasunthira kwa mayi amene anakhala pafupi nane. Madzulo ndinafunsa mpongozi ngati mwamuna wake agona kumudzi. Anati ayi, anyamuka kale, mawa ali ndi njerwa zoti akanyamule.