Njinga Imene Idatidutsa Osaiona

Chaka chimene mpikisano wa njinga udadzera kwathu, ine ndinkagulitsa tiyi ndi zitumbuwa m'kanyumba ka udzu cha kwa Msakambewa, m'mphepete mwa msewu wafumbi wochokera ku boma la Dowa kupita ku Ntchisi. Padali patangopita nthawi pang'ono chiyambireni zipani zambiri, ndipo anthu adali asadazolowere kulankhula mokweza. Munthu ankayamba nkhani, n'kucheuka kaye kumbuyo, kenako n'kudziseka yekha kuti tsopano akuopa yani. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya njinga idawakomera kwambiri amuna a kwathu. Idali nkhani yoti ukhoza kukangana mpaka kukhosi kuuma popanda wokakuneneza kulikonse.

Mpikisanowo udali wa masiku angapo. Opalasa ankanyamuka pamodzi m'mawa, n'kukagona kumene afika, mawa lake n'kupitiriza, ndipo wopambana adali amene nthawi yake ya masiku onse ikaphatikizidwa ichepe kuposa ya anzake. Zimenezi adatifotokozera ndi mkulu wina amene adakhalitsa ku Halale akugwira ntchito m'sitolo ya njinga, n'kubwerera kumudzi atakalamba. Tonse tinkangowatchula kuti achikulire. Ankabwera m'mawa uliwonse ndi kawailesi kawo n'kukhala pa benchi ya pakhomo. Amuna anga, amene adali mlimi wa fodya koma mtima wawo wonse uli pa njinga, ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kudzakhala nawo.

Awiriwa sankagwirizana. Amuna anga ankachemerera wopalasa wina wamtali wobadwira ku Ntchisi, amene sankachedwa kuthawa anzake n'kumapalasa yekha kutsogolo. Achikulire adali kumbali ya wina wamfupi wa ku Lilongwe, amene ankatsogola pa nthawi ndipo ankavala malaya achikasu.

"Wamtali wanuyo miyendo ali nayo, koma mutu alibe," achikulire ankatero. "Amathawa kukadali kutali, mphepo yonse n'kumamenya pachifuwa pake yekha. Taonani wachikasu. Amabisala kumbuyo kwa anzake a timu yake, iwo n'kumamudulira mphepo, wina n'kumamutengera madzi. Pofika pa chikweza chomaliza enawo amakhala atatheratu, iye ali ngati wangodzuka kumene."

"Kumeneko ndi kudyera anzako masuku pamutu," amuna anga ankayankha.

"Ndiyo ntchito imene adawalembera. Kodi ng'ombe ya pangolo imadandaula kuti chimanga si chake?"

"Achikulire, mapiri a kuno si a ku Halale. Pa chikweza chathuchi palibe wodulira mnzake mphepo, aliyense amafa yekha. Wamtali akangofika kuno ali patsogolo, sadzamuonanso."

Malaya achikasuwo adavutitsa. Masiku amenewo mtundu uliwonse wa nsalu udali ndi chipani chake, ndipo amayi ena atamva kuti wotsogola amavala chikasu, adati iwo sakaombera m'manja zandale. Achikulire adatopa n'kufotokoza kuti ndi mwambo wa mpikisano wa njinga, ndipo aliyense amene watsogola amavala malayawo, kaya amavotera ndani.

Tsiku loti adutse kwathu lidali la nyengo yozizira, anthu atatha kukolola. Kudacha ndi nkhungu yambiri, ndi kamvula kowaza kamene kamanyowetsa munthu osazindikira. Tidakwera tonse kukaima pafupi ndi pamwamba pa chikweza, pamene msewu umapanikizika, mbali ina chipupa cha dothi lofiira, mbali ina chigwembe chakuya. Kale tinkaima m'misewu chifukwa chouzidwa, kudikira akuluakulu kuti adutse. Tsiku limeneli palibe adatituma, ndipo anthu adali osangalala ngati pa ukwati. Ine ndidanyamula beseni la zitumbuwa ndi ketulo ya tiyi nditaikulunga m'chiguduli kuti isazizire, n'kukhazika zonse m'mbali mwa msewu pafupi ndi mapazi anga.

Dzuwa silinkaoneka, koma kudali kutayandikira masana pamene munthu wa pa njinga yamoto wotsogolera mpikisano adatulukira mu nkhungu. Adachepetsa liwiro n'kutiuza kuti tipatuke mumsewu, wamtali wathawa anzake atangotuluka ku boma, ali yekha ndipo ali pafupi. Amuna anga adavula chipewa chawo chofiira n'kuchikupiza pamaso pa achikulire. Amayi adayamba nyimbo, ife tonse maso ali kumunsi kumene ankayenera kutulukira.

Tidadikira. Ndimakumbukira kuti tinkaimba, ndimakumbukira kuti ndidathirira bambo wina tiyi wotentha mpaka adauzira. Kenako tidamva phokoso la matcheni, ndipo chigulu cha opalasa chidatulukira, wachikasu ali pakati pa anzake monga achikulire ankanenera. Wamtali padalibe.

Mmodzi wa opalasawo adafunsa akupuma movutikira, "Wadutsa kalekale?"

"Sadadutse," anthu angapo adayankha.

Adatiyang'ana ngati tikumuseka, n'kupitirira. Galimoto zotsatira nazo zidadutsa, msewu n'kukhala zii.

Anthu adaganiza kuti wamtali wagwera m'chigwembe. Amuna adatsikira kumeneko, ena adatsata msewu mpaka kumunsi kwa chikweza akuitana, koma sadapeze munthu kapena njinga. Ine ndidaona achikulire atakhala pa mwala akunjenjemera, ndipo ndidati ndi kuzizira. Ndidatsegula chiguduli kuti ndiwathirire tiyi. Ketulo idali yozizira ngati yagona panja. Ndidaviika chala mu tiyimo, ndipo adali ngati madzi a pachitsime. Ndidawapatsabe kapuyo, koma iwo sadailandire, ndipo sadafune kundiyang'ana kumaso.

Amuna anga pobwerera kuchigwembe adaima pafupi ndi beseni langa, maso ali pansi. Chigulu chija chidadutsa pakati pa msewu, ndipo mizere ya matayala awo idasokonekera pamenepo. Koma padali mzere umodzi wopyapyala umene udapatuka wokha, n'kubwera m'mbali, kudutsa pafupi kwambiri ndi beseni, pamalo pamene ine ndidaima nthawi yonse, kenako n'kubwereranso pakati. Njinga zathu za kumudzi matayala ake ndi aakulu. Mzere uwu udali ngati wolemba ndi chala.

Madzulo lole yochokera ku Ntchisi idaima pakhomo pathu, ndipo dalaivala adatiuza kuti wamtali wafika woyamba, anzake atawasiya kutali. Anthu a mudzi wotsatira, kuseri kwa chikweza chathu, adamuona akudutsa ndipo adamuchemerera. Koma dalaivalayo adati wamtali atafika sadakweze manja kapena kuseka. Adatsika pa njinga, n'kukhala pansi payekha. Mawa lake sadanyamuke nawo anzake, ndipo mpikisano wonse adapambana ndi wachikasu.

Kwa masabata angapo m'kanyumba kanga mudalibe nkhani ina. Ena ankati adadzera njira yachidule, koma aliyense wa kwathu amadziwa kuti pamalo paja palibe podzera pena ngakhale wapansi, nanji wa njinga. Ena ankati adatemera mankhwala oti asamaoneke. Amuna anga ankakwiya nazo zimenezo. Ankati munthu wopalasa pofuna ulemu angabisalirenji anthu omuombera m'manja? Ine ndinkayembekeza kuti achikulire abwera kudzanyadira kuti wachikasu wawo wapambana ndi nzeru zake zobisala. Sadabwere. Benchi yawo idakhala yopanda munthu, ndipo tikakumana panjira ankangopereka moni ali kutali.

Fodya atatha kugulitsidwa, kunja kutayamba kutentha, tsiku lina masana pa matola padatsika munthu wamtali wovala jekete yakuda. Adalowa n'kuitanitsa tiyi. Amuna anga adamuzindikira nthawi yomweyo, koma munthuyo maso ake adali pa ine.

"Amayi, inu mudalipo pa chikweza tsiku lija," adatero. "Mudavala mpango wobiriwira, beseni lili pamapazi panu. Abambo awa adagwira chipewa chofiira m'manja."

Ndidavomera kuti ndi zoona, koma ife sitidamuone iye.

Kenako adafotokoza pang'onopang'ono. Adati pokwera chikwezacho ankamva nyimbo kutsogolo, ndipo zidamupatsa mphamvu chifukwa madzi adali atamuthera. Atayandikira, nyimbo idaleka. Adatipeza titaima mbali zonse za msewu, amuna, akazi ndi ana, koma tonse titamufulatira, tikuyang'ana kumtunda mu nkhungu. Padalibe wotsokomola kapena wosuntha phazi. Ngakhale ana oberekedwa kumbuyo adali chete, mitu yawo itatembenukira komweko.

"Ndidapatuka kubwera pamene mudaima inu, amayi, chifukwa ndidaona ketulo. Ndidati mundigawireko madzi. Ndidakuwa. Phewa langa lidakhudza nsalu yanu. Maso anu adali otsegula, koma simudaphethire."

Ndidamufunsa kuti tinkayang'ana chiyani kumtundako. Adati iye adayang'ananso komweko, ndipo sadaone kanthu koma nkhungu. Ndipo ankayenera kulowa mu nkhungu yomweyo, poti ndiko kudali njira.

"Mmodzi yekha ndiye adacheuka," adapitiriza. "Bambo wina wachikulire, atagwira kawailesi. Tidayang'anizana. Ndabwera kuti ndimve kwa iwowo ngati mutu wanga uli bwino."

Amuna anga adapita kukawaitana. Adachedwa kubwera, ndipo atafika achikulire adakana kulowa, adaima pakhomo. Wamtali adaimirira n'kuwapatsa moni ndi manja awiri.

"Ndidakuona, mwana wanga," achikulire adatero. "Udali pa giya yolemera kwambiri pa chikweza chotere, ndipo ndidafuna kuti ndiwauze awa kuti taonani munthu wanu akudzipha yekha. Nditatembenuka kuti ndilankhule, ndidapeza onse atafulatira. Ndidagwira mkono wa awa," adaloza amuna anga, "udali wouma ngati mtengo. Sindikudziwa kuti zidatenga nthawi yaitali bwanji. Kenako onse adatembenuka pamodzi, n'kupitiriza nyimbo pamene adailekera."

"Bwanji simudatiuze, achikulire?" ndidafunsa.

"Ndikadauza yani, mayi? Ndinkaopa inu nomwe."

Tidatseka kanyumba n'kukwera tonse anayi kupita pa chikwezacho. Dzuwa lidali likuswa mtengo, udzu utapsa ndi lupsa, mbuzi zikudya m'mbali mwa chigwembe. Ndidaima pamalo panga paja n'kutembenukira kumtunda monga adanenera. Kudali msewu wokhotera kumanzere, mtengo wa msuku, ndi mapiri a Ntchisi patali. Padalibe china. Wamtali adayenda wapansi kuchokera kumunsi mpaka pamwamba, n'kubwerera, akuyang'ana pansi. Pomaliza adatithokoza, adati tsopano akhoza kugona, ndipo adakwera matola obwerera. Tidamva pambuyo pake kuti njinga ya mpikisano adagulitsa ndipo adayamba kugula nyemba m'misika ya kwawo.

Nkhaniyi itafika ku tchalitchi, akulu a mpingo adapemphera nafe n'kutilangiza kuti tisamaikambe pamaso pa ana. Ambiri a m'mudzi sadaikhulupirire. Ankati nkhungu imanamiza maso, ndipo munthu wotopa ndi nkhalamba akhoza kulota chimodzimodzi. Ine ndikadakonda kugwirizana nawo. Koma tsiku lina tikupalira, amuna anga adaimitsa khasu n'kundifunsa kuti kodi tinkaimba nyimbo yanji tsiku lija. Ndidatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, ndipo ndidapeza kuti sindikuidziwa. Ndidafunsa amayi anzanga kuchitsime. Aliyense adatchula nyimbo yake, wina ya ku tchalitchi, wina ya chimtali, ndipo amene adaiyambitsa sadapezeke.

Achikulire adayambanso kubwera kudzamwa tiyi, koma adasiya benchi ya pakhomo. Ankakhala mkati, msana atatsamira khoma, pamene akhoza kuona nkhope ya aliyense. Za njinga ankakambabe akafunsidwa, ndipo sadasinthe maganizo awo akuti kuthawa anzako kukadali kutali ndi kupusa, ngakhale sankalimbikiranso ngati kale. Mvula itatha, mwana wawo wamkazi adadzawatenga kukakhala nawo ku Mponela, ndipo adamwalirira komweko patapita zaka zingapo.

Chaka chotsatira mpikisano sudadzerenso kwathu. Adaupititsa ku msewu wa tala, ndipo amuna anga adapalasa njinga yawo mpaka ku Chezi kukaonerera. Ine ndidatsala ndi malonda. Atabwerako madzulo ndidawafunsa kuti wadutsa woyamba ndani. Adati sadaonetsetse, chifukwa nthawi yonse ankayang'ana anthu amene adaima nawo m'mbali mwa msewu.