Nkhanu za m'damu la atate

Sunthirani kuno anzanga, mawu anga masiku ano safika patali. Ndikukumbukira chaka chomwe ndinagulula mano akutsogolo, kwathu kuseri kwa Nsaru. Atate anatseka kamtsinje ka kudambo ndi khoma la dothi kuti azithirira nazale ya fodya. Kumunsi kwa damulo a Lufeyo, oyandikana nafe, anayanika zidina zawo. Ankafuna kumangira mkazi wawo nyumba mvula isanagwe, poti mayiyo anali atawopseza kale kuti akachedwa awalongedzera katundu.

Khoma la damulo linali la dongo lakuda, loterera ngati therere, lonunkhira mvula yoyamba. Loumbira timiphika ta masanje loposa limenelo kunalibe. Lamulungu lina ndinanama mutu, anthu onse n'kupita ku Misa. Ndinatsetserekera kudambo, n'kupeza kauna ka nkhanu pakhomapo, n'kuyamba kukumba ndi kamtengo. Mkono unalowa mpaka m'chigongono. Nditautulutsa, timadzi tinautsatira, tochepa ngati mkodzo wa mbuzi. Ndinatsekapo ndi masamba a nthochi, n'kupita kukaumba.

Anthu pobwera ku Misa anapeza damu lili pansi, zidina za a Lufeyo zasanduka phala. A Lufeyo anaima m'matopemo ndi jekete lawo la kutchalitchi.

Madzulo ake anakhala pansi pa mango, iwo, atate ndi atsibweni anga a Yohane, alongo awo a amayi.

“Ndi nkhanu izi,” anatero atate. “Munthu angazenge mlandu nkhanu?”

“Nkhanuzo zimagona m'damu la yani?” anafunsa a Lufeyo. “Mwini damu agwire chikombole.”

Apo mpamene amayi anatulukira ndi lichero, n'kuliika pakati. Munali timiphika tanga tisanu, tosauma, takuda bii.

Tsono mukudziwa mwambo wathu. Mwana akalakwa, mlandu supita kwa atate ake, poti iwo ndi mkamwini chabe. Umagwera atsibweni, eni mbumba. Ndinaona nkhope ya atate ikuwala ngati awapatsa ng'ombe.

“Alamu, mbumba yanu yalakwa,” anatero. “Ine ndinangobwera kudzakwatira pano.”

“Si inu mwati nkhanu?” anayankha atsibweni. “Ine ndagwirizana nanu. Kamwana kopanda mano aka kangaboole damu?”

Anandiitana. Atate, omwe ankandithyolera kamtengo ndikangotaya mchere, anandisisita kumutu. “Nena zoona, Esinati, sindikumenya. Ndalumbira pamaso pa anthuwa.” Atsibweni nawo anandipatsira nzimbe chakumbuyo, akunditsinzinira diso. Ndikati ndine, atsibweni aumba zidina okha mwezi wathunthu, ndipo nzimbe za kudimba kwawo nditsanzikane nazo. Ndikati nkhanu, aumba ndi atate, ndipo ine ndimagona m'nyumba ya atatewo.

Ndinayamba ndaluma nzimbe ija ndi mano a m'mbali, kuti asandilande.

“Nkhanu ndiyo inayamba,” ndinatero. “Ine ndinangoithandiza.”

A Lufeyo anaseka mpaka kutsokomola, koyamba tsiku limenelo. “Basi wagamula mwanayu. Eni nkhanu agwire chikombole, eni mbumba aponde dothi.”

Anaumbadi awiriwo, milungu itatu, akunyozana kuyambira m'mawa. Atate sanandimenye, poti analumbira. Koma amayi sanalumbire kanthu. Madzi onse opondera dothilo ndinatunga ndine, ndi kandowa pamutu, mpaka pa liwombo panayamba dazi.

Nyumba inatha mvula yoyamba ili pafupi, ndipo akazi a a Lufeyo sanawalongedzere katundu. Anakalambirana momwemo. Atate anamanganso damu, koma analizunguliza ndi minga. Atsibweni mpaka tsiku lomwalira ankanditchula kuti Nankhanu, ndipo nzimbe ankandipatsa ndikayamba ndayankha zomwe akufuna.

Masiku ano zinasintha. Mwana akalakwa amafunsa kuti bambo ake ndani, atsibweni amangomva ngati nkhani ya kumsika. Chaka chatha mdzukulu wanga anasiya mpopi wotsegula, madzi n'kulowa m'nyumba ya oyandikana nawo n'kunyowetsa matumba a mtedza. Bambo ake, mkamwini wanga, anabwera kudzandidandaulira kuti mwanayu khalidweli analitenga kuti. Ine ndinati sindikudziwa, mwina kuchimuna kwawo.