Ndowa Yomaliza ya Sikaonga

Estere Nambela anakwatiwa ku Kawimbe, kufupi ndi Mbala, akadali mtsikana, ndipo kwa zaka makumi atatu analima nyemba ndi mwamuna wake Sikaonga. Bamboyo sankathamangira mvula yoyamba. Ankadikira Febuluwale, n'kukwirira udzu m'milu, kenako n'kupisa dzanja m'dothi. "Nthaka yafunda," ankatero. "Tenga lichero, tikabzale." Mbewu yake inali yamawanga ofiira, yosankha yekha imodziimodzi, ndipo m'mudzi monse munalibe wina amene anali nayo.

Sikaonga atamwalira, mbewuyo inatsala ndowa imodzi yokha.

Mu Disembala kunabwera mlangizi wa zaulimi ndi kabotolo ka mankhwala. Anati mankhwalawo amathandiza kuti maluwa asayoyoke, bola kubzala msanga ndi kuthira kachivindikiro kamodzi m'chopopera.

"Mlamu, akulu anga aja ankadikira Febuluwale chifukwa cha ulesi basi," anatero Sichilima, mng'ono wa malemuyo. "Mukufuna azikulamulanibe ali kumanda?"

Estere anabzala theka la ndowa Januwale atangoyamba. Tsiku lopopera anakayang'anitsitsa kachivindikiroko. Manyowa ankathira ndi ngolo, ndiye kadontho aka kakanathandiza chiyani? Anakhuthulira botolo lonse.

Nyembazo zinathamangira kumwamba. Zinamupitirira m'chiuno, zoonda, zotuwa, zikugwerana. Maluwa anatuluka mvula ili pachimake, n'kuthera pansi. Mphepo ikawomba, mitengo yakeyo inkagwedezeka ngati mikono ya Sikaonga mwezi wake womaliza, pamene ankalephera kunyamula kapu. Estere anasiya kudzera njira ya kumundako. Komabe akamapeta chimanga pakhomo ankatembenuka, poganiza kuti wina waima kumbuyo kwake akuyang'ana lichero.

"Mwatilimira nsungwi chaka chino, mlamu?" anafunsa Sichilima.

"Nkhuni zanu zimenezo. Kathyoleni."

Mlangizi atabweranso anatola botolo lija, n'kulizondotsa. "Mayo, lonse?"

"Lonse."

"Ndikusiyireni lina, tiyeze limodzi?"

"Lisiyeni. Koma tsiku lobzala musandiuzenso."

Pakati pa Febuluwale Estere anakwirira udzu yekha, masiku asanu ndi anayi, msana ukuwawa. Theka lotsala la ndowa ija linali pansi pa bedi. Likanalephera limenelo, nyemba za Sikaonga zikanathera pomwepo. Atamaliza kukwirira, m'mawa uliwonse ankapisa dzanja m'mulu, osadziwa kwenikweni chimene malemuyo ankamva. Tsiku lachinayi dothi linamugwira zala mofunda.

"Nthaka yafunda," anatero, ndipo anadzidzimuka, chifukwa mawuwo anatuluka okhuthala, osakhala ngati ake.

Anabzala tsiku lomwelo. Maluwa atayamba anapopera kachivindikiro kamodzi, mlangizi ataima pambali.

Mu Meyi anamenya matumba awiri. Anakhala pamkeka n'kuyamba kusankha mbewu imodziimodzi, ntchito imene anali asanaigwirepo. Palibe anamuphunzitsa, koma zala zake zinkataya zomwezo zimene Sikaonga akanataya.