Chitseko Chokhota cha pa Likhubula

Pa Likhubula pali akulu ena ocheka matabwa a mkungudza amene salola kuti munthu wogwidwa ndi kachasu atchedwe chitsiru. Boma la azungu laletsa kachasu, ndipo wopezeka naye amalawa chikoti. Akuluwo amangoti, "Chikoti chimang'amba msana, koma ludzu lili pakhosi."

Mankhwala awo ndi phiri. Amakwera nacho chidakwa kumtunda kopanda mowa, n'kuchilowetsa m'dzenje kuti chizikoka macheka pansi, iwo ali pamwamba. Manja a chidakwacho akamanjenjemera posowa mowa, iwo amadikira.

Msilikali wina, Ahmadu, ankawaseka kuti akuweta zidakwa. Tsiku lina anafika kofia ili m'manja, ali ndi mng'ono wake wowonda ngati bango, amene anapezeka ndi kachasu.

"Bambo, andilamula kuti ndimukwapule ineyo. Dzanja langa lakana."

"Lakana chikoti? Ndiye ligwire macheka. Mawa tikwera. Iwe ukaima pamwamba, m'bale wako pansi."

Matabwa a abalewo anatuluka okhota, koma mng'onoyo anatsika phiri manja atasiya kunjenjemera. Akuluwo anapangira matabwawo chitseko cha nyumba yawo. Mpaka lero sichitsekeka bwino, koma mlendo sachoka asanamuonetse.