Gudumu la Yohane

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe matalala anaboola fodya wathu yense. Ndinali mkamwini kwa akazi anga, Nabanda, kumapiri a ku Chezi, ndipo ukamwini wopanda kanthu m'manja ngwowawa, abale anga. Mwana wathu Yohane ndinamusiya atayamba kuyankhula. Ankati "ababa", ankakalipira mbuzi, ankavina akamva kwaya.

Kumgodi ndinakhalako zaka zitatu. Lamlungu anzanga akamapita kumowa, ine ndinkangogona pabedi la simenti, kusungulumwa kukundidya. Kalata ina inati Yohane anadwala chikuku, thupi kutentha mpaka kukomoka, koma wachira. Ndinathokoza Mulungu, n'kutumiza ndalama, basi.

Ndinabwera ndi njinga yatsopano, wailesi ndi mabulangete, mapewa ali m'mwamba. Yohane ndinamupeza pakhonde akundandalika zitsononkho. Ndinamuitana, iye osacheuka. Nditamunyamula anakuwa, n'kutseka makutu. Nabanda anati, "Chidwalireni chikuku chija mawu anayamba kutha, limodzilimodzi. Pano ngakhale 'amama' satha."

Kuchipatala cha ku Madisi namwino anatiuza kuti mwana akumva bwinobwino, ndipo alipo ana ena amene amabwerera m'mbuyo chotere. Ngati chinachititsa ndi chikuku chija kapena zinangokumanizana, anati sangadziwe. Masiku ano achipatala ali nalo dzina la vutoli, amati otizimu. Nthawi imeneyo mudzi unali ndi dzina lakelake.

Chomwe Yohane anakonda ndi njinga ija. Ndikaigadamiza, ankazunguliza gudumu tsiku lonse, maso ali pamasipoko, nkhope ili phee, mwina mpaka kuseka. Anthu anaona. Kuchitsime kunamveka zoti ndinakhwimira mwana wanga kuti ndilemere ku Joni, ndipo nzeru zake zili m'njingamo. Kutchalitchi benchi yanga inkakhala ya ine ndekha. Manyazi ake! Ndinkazemba njira, munthu wosaba kanthu.

Kenako anabwera alamu anga, atsibweni ake a mwanayo. "Alamu, mwanayu ndi wa mbumba yanga," anatero. "Njingayi ichoke, apo ayi muchoke nayo inuyo, mutisiyire mwana."

Ndinakaigulitsa ku Madisi pamtengo wozizira. Ndinkati anthu aona kuti ndilibe chifukwa. Ha, kupusa! Yohane ankapita pomwe inkaima njinga paja, n'kumalira, akudziguguda mutu pakhoma mpaka pachipumi kutupa. Chakudya anakana. Anthu aja anangoti, "Mwaonatu? Akulirira nzeru zake."

Tsiku lina tikupalira, ndinadandaula kwa Nabanda kuti ine ndatopa, kuli bwino ndibwerere ku Joni. Anaimika khasu.

"Mwatopa miyezi iwiri yomweyi, bambo a Yohane? Musanabwere inu, ankanena ine. Ankati ndinagona ndi mwamuna wina mwana ali ndi chikuku, n'kumusempha mwanayo. Mayi anga ondibereka anandifunsa zimenezo. M'kalata ndikanalemba bwanji? Mutafika ndi njinga, mlandu unachoka pa ine n'kugwera inu, ndipo Mulungu andikhululukire, ndinapuma."

Kwathu komwe ndinkakulirira ndili pansi pa mgodi kunali kotere: sikunkafuna mwana achire, kunkafuna munthu womuloza chala. Ndipo ine, poopa chalacho, ndinalanda mwana wanga chinthu chimodzi chokha chomwe chinkamukhazika mtima pansi.

M'mawa mwake ndinayenda wapansi mpaka ku Madisi. Njinga sindikanaikwanitsanso, ndinagula gudumu lakale kwa wokonza njinga. Pobwera, patapita masiku awiri, sindinazembe njira. Ndinadutsa pachitsime dzuwa lili paliwombo, gudumu lili paphewa, amayi onse atasiya kutunga.

Alamu anandichingamira pabwalo. "Mwabweretsanso chiyani?"

"Gudumu la mwana wanu," ndinatero. "Ngati mukundithamangitsa, ndilimangirire kaye pamtengo."

Nabanda anatuluka m'nyumba atanyamula chingwe.